Mabuku Onunkhira Mandasi

Moni kwa inu amene mwatsegula tsambali, kaya muli pakhonde, kaya mukudikira pamzere wa kuchigayo. Tiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anatipatsa maso owerengera ndi pakamwa posekera, pakuti nkhaniyi ifuna zonse ziwiri. Inachitika kuno kumapiri a Ntchisi, m'mudzi wina woyandikana ndi Kasakula. Dzina la sukulu sinditchula. Amene akudziwa akudziwa.

"Anabwerako," anatero Kristina, akutembenuza mandasi m'mafuta ndi kamtengo kosongoka. "Yeremiya anabwerako. Anatsika pa lole ya fodya, nsapato imodzi ilibe chidendene."

"Amayi, musandisokoneze," anayankha mwana wake Faines. Anali atakhala pachitsa, kope pabondo. Mayeso a Fomu 4 anali atatsala miyezi iwiri. "Buku lathu limathera pa tsamba 88, Yeremiya ali gone m'chipatala ku Joni. Masamba otsatira anathothoka kalekale. Kalasi yonse, ana makumi asanu ndi awiri, tili ndi buku limodzi lomwelo. Ngakhale a Madamu mapeto ake sanawaone. Iwo anaphunzira za jogalafe, Chichewa anangowapatsa poti panalibe wina."

"Nanga akupatsani ntchito yanji pa buku loduka mchira?"

"Akuti tiyerekeze mabuku awiri. Onse akukamba za munthu wochoka kwawo. Tilembe zofanana mbali iyi, zosiyana mbali iyo, kenako tikachite sewero tsiku la msonkhano wa makolo."

"Ndiye lemba kuti anabwerako. Anapeza mkazi wake atakwatiwa ndi wokhoma zidebe. Ndipo mwana wake Magdalena, uja anapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ya m'nyumba..."

Faines anachotsa cholembera pakope. "Magdalena si mwana wa Yeremiya."

"Ndi mwana wake. Mtima wawo ndi umodzi. Onse awiri akalandira malipiro amagula za pathupi, kwawo osatumiza ngakhale sopo."

"Amayi, Magdalena ali m'buku lachiwirilo. Olemba ake ndi anthu awiri osiyana, mwina sanaonanepo n'komwe."

"Iwe wandiuza liti kuti anthu amayenera kuonana kuti abereke ana ofanana mtima?"

Faines anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anayang'anitsitsa mayi ake. "Koma inu Magdalena mwamudziwira kuti?"

Apa m'pamene Kristina anazindikira kuti lilime lamutsogolera kudzenje. Iye sukulu analekera Sitandade 6, ndipo kuwerenga ankawerenga ndi chala. Koma kwa miyezi iwiri tsopano ankakulunga mandasi ake m'mapepala amene mwamuna wake Alexio anabweretsa m'thumba la feteleza, ndipo pamsika munthu akamadikira ogula maso sakhala chabe. Mapepalawo anali osakanikirana. Lero ankakumana ndi Yeremiya akukumba mgodi, mawa Magdalena akukolopa m'nyumba ya bwana, mkuja Yeremiya ali mwana akuweta mbuzi. Kristina anangozilumikiza yekha m'mutu, n'kukhala nkhani imodzi yaitali ya banja limodzi losamva.

Faines anapita padengu la malonda n'kutola mapepala angapo. Loyamba linali tsamba 41. Lachiwiri 17. Lachitatu analigwira ndi manja awiri.

"Eyite naini," anatero motsitsa mawu. Anatembenuza tsambalo. Kumunsi kwake kunali chidindo chofiirira cha sukulu yawo.

"Bambo a Faines," anaitana Kristina. "Tadzukani, kunoku kwabwera alendo."

Alexio anali mlonda wa pasukulupo, choncho m'mawa ndiye unali usiku wake. Anatuluka atadzifunditsa bulangeti, diso limodzi likadali mtulo. Ataona pepala m'manja mwa mwana wake, diso linalo linadzuka lokha.

"Alendowo ali kuti?"

"Ndi awo ali m'manja mwa mwana wanuwo. Dzina lawo ndi a Yeremiya."

"Abambo," anatero Faines, "chidindo cha sukulu chikufuna chiyani m'dengu la mandasi?"

"Tsitsa mawu, mwana iwe. Mpanda uli ndi makutu."

"Ndatsitsa. Tsopano yankhani."

Alexio anakhala pa mtondo wogubuduza, n'kusisita chibwano. Anafotokoza kuti zaka zitatu zapitazo galimoto inabweretsa makatoni a mabuku atsopano. Ahedi anawatsekera m'sitolo ya sukulu. Anati ana a kumudzi manja awo ndi adothi, mabuku atha pa teremu imodzi, ndiye akuluakulu a zamaphunziro akadzabwera adzaona chiyani? Mabukuwo anakhala mmenemo, ali atsopano, mpaka chiswe chinamva fungo. Mwezi wa Febuluwale ahedi anamuitana n'kumulozera makatoni awiri a pansi. Anati akawatenthe kuseri kwa zimbudzi, ana asanafike, ndipo nkhaniyo ipsere pomwepo.

"Nditatsegula ndinapeza chiswe changodya zikuto ndi m'mbalimu. Mkati muli bwinobwino. Ndinati ndikhwatche machesi, dzanja linakana. Ine nditenthe mapepala oyera chonchi, amako akupemphetsa manyuzi akale pamsika? Ndinang'amba zikutozo n'kutentha kuti phulusa lioneke. Zinazo ndinabwera nazo."

"Ndiye munawapulumutsa kumoto n'kuwapereka kumafuta," anatero Faines.

"Ndinkati ndikuthandiza banja."

"Ine ndimayenda mtunda wa ola lathunthu kukalimbirana buku limodzi ndi anzanga, pamene mabuku ake akugona kunsi kwa bedi lanu."

"Nanga ine ndimadziwa kuti ndi omwewo? Ine ndimawerenga? Kwa ine pepala ndi pepala."

Kristina anafuna kukalipa. Anatseguladi pakamwa kuti akalipe, koma chimene chinatuluka ndi phwete. Anaganiza za anthu onse amene anawagulitsa mandasi chiyambire Febuluwale: akabaza, ometa, amayi a ku sikelo, abusa a mpingo wina amene ankagula asanu asanu. Aliyense anapita ndi kachidutswa ka mayeso a Faines. Anaseka mpaka misozi, ndipo mandasi anayi anapserera.

"Mukuseka, amake Faines," anatero Alexio, "koma mudziwe ichi. Nkhaniyi ikatuluka pa mpanda uno, ntchito yanga yatha. Ahedi anandiuza kuti mlonda amalembedwa chifukwa cha maso, osati pakamwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mukagenda ahediwo, mkhate wosweka ndine. Zaka zisanu ndi chimodzi ntchito imeneyi ndiyo yatigulira feteleza."

Kusekako kunazizira. Kristina anachotsa poto pamoto. Zimene ananena mwamunayo zinali zoona, ndipo onse atatu anadziwa.

Tsiku la msika Kristina anapita ndi masamba a nthochi owamba pamoto. Anakhala pamalo pake, pafupi ndi Memory, mnzake wogulitsa tomato. Woyamba kufika anali Elisha wa kabaza, bambo wa imvi zake amene ankapalasa njinga ngati mnyamata. Analandira mandasi ake awiri n'kuyang'ana chokulungiracho uku ndi uku.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Tsamba la nthochi. Simulidziwa?"

"Ndikulidziwa, koma palibe cholembedwa. Ine ndimagula mandasi a nkhani."

"A nkhani?"

"Mandasi anu, musakhumudwe, ndi ang'onoang'ono kuyerekeza ndi a mayi a uko. Ife timabwera kuno chifukwa cha Yeremiya." Anatukula mpando wa njinga n'kutulutsa mtolo wa mapepala omanga ndi mphira. "Pa siteji timasinthana. Andreya wometa ali ndi pamene Magdalena anaswa mbale ya bwana. Ine ndikusowa pamene Yeremiya anatuluka m'chipatala. Milungu iwiri ndikugula, simukundikulungira limenelo."

Memory anawomba m'manja. "Ndimadabwa ine, munthu wodwala shuga kugula mandasi tsiku ndi tsiku."

"Ndimapatsa adzukulu, mayi. Ine ndimadya pepala."

Pasanathe ola, pa dengu la Kristina panali bwalo. Andreya anatseka chometera chake n'kubwera, kasitomala akumutsatira mutu utametedwa mbali imodzi. Kristina anawauza zimene anamva kwa mwana wake, kuti nkhanizo ndi ziwiri, ndipo Magdalena si mwana wa Yeremiya. Andreya anati iye ankadziwa kale, zilembo za buku linalo n'zonenepa. Elisha anati iye ankayesa Magdalena ndi chibwenzi cha Yeremiya. Kenako mkangano unabuka: pa awiriwa, analakwa kwambiri ndani?

"Mtsikana uja," anatero Andreya. "Mayi ake anadwala, iye akugula mawigi."

"Nanga mwamuna uja?" anafunsa Memory. "Zaka khumi ndi ziwiri, ana atatu, kalata ngakhale imodzi ayi."

"Mwamuna amapita kukasaka."

"Anasaka chiyani? Anabwera ndi chifuwa."

"Ine chondivuta si chimenecho," anatero Kristina, akukonza moto pa mbaula. "Onse awiri anabwerera chimanjamanja. Yeremiya atafika, alongo ake anapha tambala, mudzi wonse unabwera kudzamuona. Magdalena atafika, palibe anamulandira chikwama. Amayi a pachitsime ankangomuyang'ana m'chiuno kuti aone ngati wabwera yekha. Tchimo limodzi, malandiridwe awiri. Zimenezi zimandisowetsa mtendere."

Kasitomala wa mutu wa mbali imodzi uja ndiye anayankha. "Mayi, mwalalika. Tsopano a Andreya, tiyeni mukandimalize."

Asanabalalike, Kristina anawapempha kuti aliyense amene ali ndi mapepala abweze, poti mwana akufuna kuwerenga. Za sitolo ndi chiswe sananene.

Mapepala anayamba kubwera ngati ngumbi. Ena anachokera pa zenera pamene anamatidwa potseka mphepo. Ena anatuluka m'chisa cha nkhuku. Mayi wina wa kwaya anabweza asanu ndi awiri amene anawabisa pakati pa mapepala a nyimbo, n'kuvomera kuti ankawerenga nthawi ya ulaliki. Ena sanabwere konse. Anapita kumene mapepala ambiri a kumudzi amapita, ndipo za amenewo tisafunse.

Fodya wa chaka chimenecho anali atatsitsidwa kale, chigafa chili chopanda kanthu. M'menemo ndimo banja la Alexio linatsegula ofesi. Mapepala onona mafuta ankawawaza ufa wa chinangwa, n'kuwayanika pa mikangala ngati fodya. Ouma, pamodzi ndi otsala m'thumba muja, ankawasankha pamphasa. Faines ankayang'ana manambala. Kristina ankangowerenga mzere umodzi n'kudziwa mwini wake.

"Uyu akudandaula za kuzizira, ndi Yeremiya. Uyu akudandaula za bwana wamkazi, ponya uko."

Alexio poyamba ankangoima pakhomo la chigafa, maso ali kunjira. Koma ataona mmene Faines ankasokera, mtima wa mlimi unamupweteka.

"Ukusoka ngati ukuzigamba thumba. Bweretsa kuno."

Anatenga singano yake ya fodya ndi twaini, n'kuyamba kuboola timabowo tofanana kukula, mfundo zonse mbali imodzi. Zikuto anadula pa makatoni a sopo. Buku loyamba litatha, analiponya m'mwamba n'kuliwakha kuti aone ngati ligwetse tsamba. Silinagwetse. Anayamba kuimba chapansipansi nyimbo ya ku tchalitchi, ya nyengo ya Pasaka, ndipo amayi ndi mwana anamulandira. Pakutha pa milungu iwiri anali atasoka mabuku khumi ndi anayi athunthu: asanu ndi atatu a Yeremiya, asanu ndi limodzi a Magdalena.

"Tsopano mverani," anatero Alexio madzulo a Lachitatu, Faines atapita kumadzi. Msonkhano wa makolo unali Lachisanu. "Mabukuwa ndikawasiya pakhomo pa a Madamu mwakachetechete. Akadzuka awapeza. Ati agwa kumwamba, basi. Mwana awerenga, ine ntchito ndisunga."

"Ndi chidindo cha sukulu chili pomwepo?"

"Chidindo sichilankhula."

"Chimalankhula, bambo a Faines. A Madamu akapita nawo kwa ahedi. Ahedi akati abedwa m'sitolo. Akafunsa kuti mlonda anali kuti. Mudzachotsedwa ngati mbala, inu muli chete."

"Ndiye tingosunga konkuno. Faines aziwerenga yekha."

"Anzake aja ndi ana a mitengo? M'sitolomo mwatsala makatoni angati?"

Alexio anazengereza. "Asanu ndi anayi."

"Asanu ndi anayi. Chiswe chikuphunzira sayansi, ana athu akukopera pa bolodi."

"Amake Faines, chilungamo sathira m'munda. Ndi imvi izi ndikapeza ntchito kuti? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Miyambi ndili nayo nanenso. Mlandu suwola. Lamulungu tinagwada limodzi, tinadziguguda pachifuwa limodzi, tinapepesa pa zimene tinachita ndi zimene tinalephera kuchita. Mbali yachiwiriyo mumainena ndi pakamwa pokha?"

"Mwayamba kundilalikira m'chigafa changa."

"Ayi. Ine ndi amene ndinagulitsa mabukuwa tsamba ndi tsamba, ndiye ine ndikawabweza masana, anthu akuona. Akandifunsa kumene ndinawatenga, ndikati afunse amuna anga, chifukwa bodza sindinena ndipo kukunenerani sindikunenerani. Dengu ndi langa, pakamwa ndi panu."

Alexio anatola singano n'kuibaya pa nsanamira. "Mkazi uyu," anatero, akulankhula ndi nsanamirayo. "Anthu amakwatira akazi ogona pa ulaliki."

Lachisanu makolo anakhala pansi pa mitengo ya bulugamu, azimayi pa zitenje, azibambo pa mabenchi. Kutsogolo kunali tebulo la ahedi ndi a Vinsenti, wapampando wa komiti ya makolo. Alexio anaima kumbuyo ndi chijasi chake cha ulonda. Anthu anadabwa kuona akabaza asanu ndi mmodzi, Andreya ndi Memory atabweranso, chikhalirecho ena mwa iwo analibe mwana pasukulupo.

Nkhani za chitukuko zitatha, Mayi Kaponda, mphunzitsi wa Chichewa uja, anaimika bolodi. Pakati pake panali mzere wa choko, uku zofanana, uku zosiyana. Ana anayamba sewero lawo. Mbali imodzi mtsikana ankakolopa akulira, ndiye Magdalena. Mbali inayo mnyamata wamtali anakumba mgodi ndi khasu, n'kutsokomola, n'kugona pa benchi, ndiye Yeremiya m'chipatala. Magdalena anachotsedwa ntchito, anakwera basi, anafika kwawo, anthu anamunyogodola. Nthawi yonseyo Yeremiya anali chigonere.

"Pepani makolo," anatero Mayi Kaponda. "Uyu tamusiya pomwepa chifukwa buku lathu linathera pomwepa. Sitikudziwa ngati anachira."

"Dzuka iwe, ukwere lole," anafuula Elisha ali kumbuyo. "Akukudikira ndi tambala."

Anthu anaseka osadziwa chimene akuseka. Kristina anaimirira. Anasenza dengu lake n'kudutsa pakati pa anthu mpaka patebulo. Atachotsa nsalu, fungo la mandasi linafika mpaka ku mabenchi, ndipo ana ena anayamba kumeza malovu.

"Si zodya," anatero Kristina. "Madamu, mapeto aja ali umu. Tsamba 89 mpaka 120."

Mayi Kaponda anatola buku limodzi, n'kutsegula kumapeto. Anawerenga mizere iwiri ataimirira, kenako anakhala pansi pa mpando wa mwana wa sukulu, akuwerengabe, ngati waiwala kuti pali msonkhano.

Ahedi anatola lina. Ataona chidindo, nkhope inasintha. "Mayi, katundu wa sukulu mwamutenga kuti?"

"Funsani amuna anga."

Mitu yonse inatembenukira kumbuyo. Kristina sanatembenuke. Ankangoyang'ana mzere wa choko uja, akupemphera pemphero lalifupi kwambiri pa moyo wake. Kenako anamva nsapato za jombo zikubwera pang'onopang'ono.

Alexio anavula chipewa. Ananena za galimoto, za makatoni, za machesi, za zikuto zimene anatentha kuti phulusa lioneke. Sanadzichotsere mbali yake. "Ndinanyamula katundu wosakhala wanga, ndipo zaka zitatu ndinkadutsa pa chitseko chimenecho ndikudziwa zimene zili mkati. Mwana wanga yemwe sindinamuuze."

"Munthuyu ndi wakuba," anatero ahedi. "Akufuna kudziyeretsa ndi dzina langa. Mabuku ndimasunga kuti asawonongeke."

"Zikomo aphunzitsi," anatero a Vinsenti mofatsa. "Ndiye tiyeni tikaone mmene asungikira."

Ahedi anapisa m'thumba ili, n'kupisa m'thumba ilo. Anati kiyi ayenera kuti anatsala kunyumba, kapena ali ndi achiwiri awo amene anapita kumaliro.

"Musavutike," anatero Alexio. "Mahinjesi a chitsekocho ndinakhoma ndine."

Sipanatenge mphindi zisanu. Chitseko chinachotsedwa chonse n'kutsamiritsidwa kukhoma, loko wake ali chitsekere. Makolo anasuzumira mosinthana. Makatoni anali asanu ndi anayi ndithu. La pansi penipeni litanyamulidwa linangokhuthuka dothi. M'menemo munali masamu a Fomu 3. Enawo anali amoyo: sayansi, ulimi, Chingerezi, mabuku otanthauzira mawu, ndi ena a Yeremiya makumi awiri onunkhira utsopano. Ana anapanga mzere okha, osauzidwa, n'kumapatsirana mabuku kuchokera m'sitolo mpaka pansi pa mitengo. Azimayi ena analulutira. Mnyamata wa Yeremiya uja anadzuka pa benchi n'kuthamangira komweko, anthu n'kumati wachira.

Komiti inakhala paokha kwa ola limodzi. Pobwera, a Vinsenti ananena zinthu ziwiri. Za ahedi alembera kalata ku ofesi ya zamaphunziro ku boma, poti komiti ilibe mphamvu pa iwo. Za mlonda, mphamvu ili nayo.

"A Alexio, mwanena zoona, ndipo Mulungu wamva. Koma mlonda amene watulutsa katundu wa sukulu n'kupita naye kwawo, tikamusiya, mawa wina adzatulutsa malata n'kunena kuti amawapulumutsa ku dzimbiri. Mutisiyire tochi, wezulo ndi chijasi."

Elisha anayamba kutsutsa, koma Alexio anamuletsa ndi dzanja. Anavula chijasicho, anachipinda bwinobwino, n'kuika tochi ndi wezulo pamwamba pake. Anatsala ndi malaya ong'ambika pa phewa. Kristina anayang'ana chijasi chopindidwacho. Anadziwa kuti feteleza wa chaka chimenecho wapindidwa limodzi ndi chijasicho. Ahedi, kunena zoona, akadali pomwepo mpaka lero. Yankho la kalata ija tikulidikirabe.

Anthu akubalalika, Mayi Kaponda anamugwira Kristina pa mkono. "Faines analemba m'kope mwake kuti tchimo limodzi, malandiridwe awiri. Akuti anamva kwa inu."

"Ndinangolankhula pamsika, Madamu. Ine ndinkayesa ndi bambo ndi mwana wake."

"Ine ndatha milungu itatu ndikujambula mizere pa bolodi kuti ana aone zimenezo. Lolemba mubwere mudzawauze nokha."

"Ine wa Sitandade 6?"

"Mwawerenga mabuku onse awiri mpaka kumapeto. Pa ife akuluakulu pasukulu pano ndinu nokha."

Pobwerera kunyumba anayenda atatu, mphepo ya mwera ikuyamba kutsika m'mapiri. Atafika pa mlatho wa mitengo, Alexio anaima.

"Amake Faines, munaona nkhope ya ahedi chitseko chikuchoka ndi loko wake?"

Kristina anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka onse atatu mpaka anakhala pansi m'mbali mwa njira, munthu wopanda ntchito, mkazi wake ndi mwana wawo, ndipo mayi wina wodutsa ndi nkhuni anawafunsa ngati kuli ukwati.

Atafika, dzuwa likadalipo, Alexio anakhala pakhonde osadziwa chochita ndi manja ake. Nthawi imeneyo masiku onse ankakhala akumanga jombo. Kristina anamubweretsera madzi akumwa.

"Tidzadzala mtedza wambiri," anatero mkaziyo. "Mtedza sulira feteleza."

"Tidzadzala." Alexio anamwa, n'kuyang'ana Faines amene ankatulutsa buku latsopano m'chikwama, loyamba kubwereka dzina lake litalembedwa. "Iwe, ndi Yeremiya ameneyo?"

"Ndi yemweyo, abambo."

"Takhala apa. Uyambire pa tsamba loyamba, usathamange. Munthu ameneyu ndamulondera zaka zitatu, ndamusoka ndi manja anga, wandichotsetsa ntchito. Ndimve kuti ndi ndani."

Faines anakhala pansi n'kutsegula. Kristina anakokera mpando pafupi, atalonjeza kuti sanena za kutsogolo. Analephera pa tsamba lachitatu.

Inu amene mwayenda nafe mpaka pano, Ambuye akudalitseni ndi kukusungani. Adalitse ana anu ndi aphunzitsi awo, ndi manja onse amene amatsegula zimene zinatsekedwa. Ndipo tsiku limene kunena zoona kudzakuvulani chijasi, Iye mwini akufunditseni. Amen.